Tinkagona M'nyumba ya Usipa

Kwathu ndi ku Mozambique, kuseri kwa Mandimba. Kumeneko ndinkaphika buledi mu uvuni wa njerwa n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu, ndipo bambo a ana anga ankayendetsa lole. Tsiku lina ananyamula matumba a nyemba kupita nawo ku Cuamba, osabwerakonso. Ndinadikira mpaka mvula inatha, chimanga chinauma m'munda. Kenako nkhondo imene tinkangoimva m'kamwa mwa apaulendo inafika pamudzi pathu dzuwa lili paliwombo. Nditaona nyumba za kumunsi zikufuka utsi, ndinatenga ana anga atatu n'kulowa m'tchire pamodzi ndi anthu ena. Woyamba anali mtsikana wodziwa kale kusinja, wachiwiri mtsikananso wosatha n'kusenza ndowa komwe, wachitatu mnyamata wa kumsana.

Za m'njiramo sindikonda kuzikamba. Chimene ndinganene n'chakuti titatulukira ku Chiponde, mapazi atatupa, ndinapeza kuti mwana wanga wachiwiri wafika ndi kagalu. Kanali ka anansi athu amene nyumba yawo inali yoyamba kupsa. Anakatola pothawa paja n'kukakulunga m'kansalu kake, ndipo kanali kofooka moti sikankalira n'komwe. Ine njira yonse ndinkayesa wafukata chinangwa. Ndinafuna kukataya. Mwanayo sanalire, sanatsutse, anangokhala pansi atakafungatira, maso ali pa ine. Chichokereni kwathu anali asanalankhulepo ndi munthu aliyense, ngakhale ine mayi ake, koma tsiku limenelo ndinamumva akukanong'oneza kagaluko m'Chipwitikizi chimene ankatolera kwa bambo ake. Ndinakasiya.

Ku Chiponde tinafikako nyengo yachisanu. Misasa ya udzu inali itathithikana moti mnzako akatsokomola unkayesa ali m'mwako. Mphepo ya kumapiriko inkalowa paliponse. Ana ankadzuka milomo itang'ambika, miyendo itatuwa, ndipo m'zala za kumapazi munadzaza matekenya. Dzuwa likangoyamba kufunda, amayi tinkakhala panja ndi mapini n'kumazula matekenyawo ana akukuwa, kenako n'kupakapo phulusa, kapena palafini wina akakugawirako. Matenda otsekula m'mimba atayamba kutenga ana a m'misasa yoyandikana ndi wathu, ndinadziwa kuti ndikapanda kuchoka, wanga wa kumsana sakhalitsa.

Pamsika wa pamalirepo pankabwera mayi ena ogulitsa usipa wouma, ochokera kunyanja, chakufupi ndi Nkopola. Anali Asilamu, amasiye, afupiafupi, a mawu ngati akukalipa ngakhale pokupatsa moni. Ankasinthanitsa usipa ndi nandolo amene ife othawa nkhondo tinkalandira. Tsiku lina dengu lawo linaphulika, ine n'kuwathandiza kulisoka ndi luzi. Anandiyang'ana manja, kenako anafunsa ngati ndimadziwa kuyanika nsomba. Ndinawauza kuti amayi anga anali a m'mphepete mwa nyanja yomweyi, tsidya lathu, ndipo ndinakulira m'fungo la nsomba.

"Ndili ndi kanyumba kuseri kwanga, ndimasungiramo usipa," anatero. "Si nyumba ya munthu ayi, koma ili ndi chitseko. Ndikakhala paulendo muzindiyang'anira pakhomo ndi pathandala poyanika nsomba. Ana ndi angati?"

"Atatu, amayi."

"Nanga chimene chili m'manja mwa uyocho n'chiyani?"

Ndinawafotokozera. Anamuyang'ana mwanayo, mwanayo nayenso akuwayang'ana.

"Kwa ife galu ndi najisi, chinthu chodetsa," anatero. "Pakhonde panga asapondepo, ziwiya zanga asanunkhize. Mukam'manga ku mtengo wa kuseri. Mwamva?"

"Ndamva, amayi."

Tinatsika mapiri a Namwera pa lole ya matumba, msewu ukukhotakhota, makutu akutseka. Pamene tinkawoloka mlatho wa Shire ana anali atavula kale majuzi amene anatipatsa kumsasa. Kumtunda tinasiya chisanu, kumunsi tinapeza dziko lina, lamchenga, la migwalangwa ndi milambe, kumene thukuta limatuluka uli chikhalire.

Kanyumbako kanali ka chipinda chimodzi, kofolera udzu, kazenera kake kongolowa mkono. Usipa anausamutsira m'chipinda cha kunyumba yaikulu, koma fungo linatsala, ndipo pamodzi ndi fungolo munatsalanso eni ake enieni a nyumbayo. Makoswe ankayenda pa mitengo ya denga masana ndithu, akutiyang'ana ngati akufunsa kuti tadzatani. Mphemvu zinkatuluka m'ming'alu ya khoma zikangomva fungo la ufa. Ukatsegula thumba m'mawa zinkabalalika kukwera m'mikono. M'mawa wina mwana wanga woyamba anandionetsa chidendene chake: khoswe anali atakukuta chikopa cholimba chija mpaka kufika pofiira, iye osamva kanthu. Kuyambira pamenepo ndinkamanga mapazi a ana onse ndi tinsanza pogona, ndipo wa kumsanayo ndinkamugoneka pachifuwa panga.

Koma zotisautsa koposa zinali nsikidzi. Sizinkaoneka, koma kukacha tinkapeza matupi atatuluka tiziphuphu, pamphasa pali timadontho tamagazi. Ndinayamba nkhondo yangayanga. Ndinkatulutsa mphasa n'kuziyanika pamchenga wotentha, n'kumazimenya ndi ndodo. Ndinkawiritsa madzi m'chitini chachikulu n'kumathira m'ming'alu yonse. Ndinakatenga dothi la kudambo n'kumata khoma lonse mwatsopano, pansi n'kuzira mpaka kusalala ngati mbale. Zinkatha masiku pang'ono, kenako n'kubweranso. Eni nyumba ankandionera ali pakhonde pawo akusankha mpunga.

"Mwanangu, nsikidzi sizitha," ankatero. "Munthu amangozichepetsa kuti nayenso agoneko."

Za makoswe anandibwereka mphaka wawo, wamkazi, wa mawanga, wonenepa ndi mitu ya nsomba. Mphakayo analibe malire. Ankalowa m'nyumba yaikulu, ankagona pampando, ndipo nthawi zina ankadzipinda pa mswala, kamkeka kamene mayiwo ankapempherapo, iwo osam'thamangitsa. Galu wathu, amene tsopano anali atakula, wofiirira, wa makutu ogwa, ankakhala pachingwe pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa bafa. Mwana wanga wachiwiri ankaswera komweko. Ankam'chotsa nkhupakupa m'makutu n'kumaziponya pamoto, ankam'gawira phala lake, ankam'lankhula. Galuyo sankamva Chichewa kapena Chiyao. Ukati "choka" ankangokuyang'ana, koma ukati "sai" ankachoka. Ana a m'mudzimo ankabwera kudzaima patali n'kumaseka, amvekere galu wa Chipwitikizi.

Tsiku lina eni nyumba akutuluka kokaswali, mapemphero awo aja, mphaka ali m'manja, mwana uja anaima pakati pa bwalo n'kuwafunsa ndi mawu omveka bwino:

"Anganga, bwanji mphaka amalowa koma wanga salowa?"

Ine ndinali pamtondo. Munsi unandigwa m'manja. Amenewo anali mawu ake oyamba kwa munthu chichokereni kwathu. Mayiwo anamuika pansi mphakayo, anandiyang'ana ine, kenako mwanayo.

"Kani pakamwa pali bwinobwino?" anatero. "Mphaka ndi woyera, galu ayi. Sindinakonze ndine, ndinazipeza choncho. Bwera kuno udzandithandize kutola miyala mumpungamu."

Anapita. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kulankhula pang'onopang'ono, ndipo chifukwa ankaswera ndi mayiwo, Chiyao chinam'lowa msanga kuposa tonsefe.

Chilimwe chinafika. Kutentha kwa kunyanja kuno sindinkakudziwa. Mchenga unkawotcha moti ana ankathamanga modumphadumpha kuchoka pamthunzi wina kupita pa wina. Madzi a mumtsuko ankakhala ofunda ngati osamba. Galu anakumba dzenje pansi pa mango n'kumagonamo lilime lili panja. Masiku ena nkhungu, tizilombo tija timatuluka m'nyanja ngati utsi, tinkawombedwa ndi mphepo n'kudzagwera m'mudzi, m'maso, m'ndiwo, m'tsitsi la ana. Nthawi yoyamba kuuona utsi umenewo uli chilili pamwamba pa madzi, mwana wanga woyamba anandigwira dzanja n'kufunsa ngati nkhondo yawoloka. Ndinamuuza kuti pamadzi sipapsa. Sanandikhulupirire mpaka tizilomboto titam'gwera pankhope.

Ntchito yanga inali ya pathandala. Mabwato akabwera m'mawa tinkatsuka usipa, kuumwaza pa mabango, kuutembenuza, kuthamangitsa akhwangwala ndi amphamba. Ndinayambanso kuphika zitumbuwa, poti ufa wa buledi kunalibe. Moyo unayamba kuoneka ngati moyo.

Mvula yoyamba inabwera masana. Kunja kunada bii chakumpoto, mphepo inayamba kunyamula mchenga, ndipo amayi tonse tinathamangira kuthandala kukaolera usipa usananyowe. Tili mkati moolera, chiphaliwali chinang'anima, bingu n'kuphulika pamwamba penipeni pa mudzi, kenako linanso, motsatizana ngati mizinga ya nkhondo ija. Nditacheuka ndinaona mwana wanga woyamba atam'kwatula mlongo wake pamphasa, wam'ponya kumsana, wagwira mng'ono wake padzanja, akuthamangira kumabango atawerama, ndendende mmene ndinawaphunzitsira kwathu. Amayi ena anayamba kuseka. "Akuthawa mvula ana a ku Mozambique!" Koma ataona ana aja atagona chafufumimba m'matope, wamkuluyo ataphimba ang'ono ake ndi thupi lake, kuseka kunatha. Mayi wina anandilanda lichero m'manja n'kunena kuti, "Pitani kwa ana, usipa tiolera ife."

Ndinawapeza akunjenjemera. Ndinakhala nawo pansi pamvulapo, ndikuwauza kuti ndi bingu chabe, ndi mvula ya chaka chino, tidzala chimanga. Wamkuluyo anati, "Ndikudziwa, amayi, koma miyendo yangothamanga yokha."

Titabwerera kunyumba tinapeza eni nyumba ataima pabwalo, mvula ikuwakhuthukira, mpango utamatirira kumutu. Galu anali atadula chingwe ndi mantha a bingu. Sanathawire kutchire kapena m'kanyumba kathu. Analowa m'nyumba yaikulu, mpaka kuchipinda, n'kudzipinda pa mswala paja, ali chinyowere, matope okhaokha.

"M'tulutseni," anatero mayiwo. Sanakuwe monga mwa masiku onse, ndipo zimenezo n'zimene zinandiopsa.

Mwana wanga wachiwiri analowa n'kum'koka. Ine ndinagwada pakhonde n'kupepesa. Mayiwo anatenga mswala uja n'kupita nawo kunyanja mvula isanakate, ndipo ndinawaona ali m'madzi mpaka m'mawondo akuutsuka mobwerezabwereza, ndi mchenga womwe. Pobwera anasesa chipinda, anatsuka pansi, anafukiza lubani. Kenako anandiitana.

"Ine ndinanena poyamba pomwe. Galu ameneyu pakhomo pano sakhalanso."

Mawa lake sindinadziwe chochita. Kum'pha sindikanatha, wom'patsa kunalibe, poti mudzi wonse unali wa Chisilamu kupatula mabanja ochepa a asodzi achikhristu kumapeto kwa doko, amene anali ndi agalu awo kale. Mwana uja anasiyanso kulankhula. Anakhala pansi pa mango atagwira chingwe, osadya. Eni nyumba ankadutsa osam'yang'ana. Lachisanu litakwana anavala nsalu zawo zoyera n'kupita kumzikiti, ndipo anachedwa kubwera. Atafika anakhala pakhonde, anavula nsapato, n'kundiitana pamodzi ndi mwanayo.

"Ndafunsa kwa ashehe," anatero. "Akuti galu wolondera munda ndi wololedwa. Ine ndili ndi munda kuphiri uko, anyani amandithera chimanga chaka ndi chaka. Akakhale kumeneko. Kuli chisakasa. Iwe uzikam'patsa chakudya ndi mkulu wako, koma pobwera uzisamba m'manja usanakhudze kanthu kanga. Wamva?"

Mwanayo anayankha m'Chiyao kuti wamva.

Choncho galu anasamukira kumunda, ulendo wosatopetsa kuchokera pamudzi, ndipo chaka chimenecho anyani anadya zochepa.

Dzinja linakhazikika. Nsikidzi zinachepako, koma kunabwera zina. Chiswe chinakwera khoma la kumbuyo n'kulowa m'mitengo ya denga, ndipo ukaika khutu unkachimva chikudya. Ndinkagwetsa tinjira take tadothi m'mawa, pofika madzulo chamanganso. Denga linayamba kudontha, ndipo tinkasuntha mphasa uku ndi uku kufunafuna pouma. Zinkhanira zinkathawa madzi n'kudzabisala m'nkhuni. Ndiye udzudzu. Kudambo la kuseri kwa mudzi madzi anaima, ndipo dzuwa likangopendeka unkatuluka wochuluka moti ukamenya pamkono pankatsala magazi. Masikito tinalibe. Ndinkafukiza masamba ndi ndowe zouma za ng'ombe mpaka ana kutsokomola, koma utsi ukatha unkabwerera.

Tonse tinadwala malungo mosinthanasinthana, n'kumachira. Mnyamata wanga, amene anali atayamba kuyenda chogwira khoma, anadwala kawiri n'kuchira. Kachitatu thupi linatentha ngati mbaula, anakana bere, ndipo m'manja mwake munayera mbuu. Eni nyumba anam'tsegula chikope n'kuyang'ana.

"Magazi am'thera uyu. Nyamukani pompano, mupite kuchipatala cha ku boma. Atsikanawa asiyeni ndi ine."

Mvula inali itagwa kwambiri, ndipo ndinadikira nthawi yaitali pamsewu galimoto isanapezeke. Kuchipatala anatilandira, anam'baya jakisoni, anandiyeza kuti aone ngati magazi anga angam'thandize. Ana anali ambiri, awiriawiri pabedi. Wanga anakomoka kangapo, maso akutembenuzika. Mawa lake, dzuwa litakwera, namwino akukonzekera zom'patsa magazi aja, anapuma kamodzi mwamphamvu, basi.

Mayi wina wa bedi loyandikana nalo, amene sindinkam'dziwa, anandigwira paphewa n'kundinong'oneza kuti, "Musalire pano, achemwali. Mukalira, a galimoto sakutengani ndi maliro. M'berekeni ngati wagona." Anandithandiza kum'bereka, anam'funda nsalu mpaka kumutu. Ndinatuluka pachipata, ndinayenda mpaka kudepoti, ndinakwera matola. Tinadzazana kumbuyoko ndi madengu, njinga, nkhuku. Mayi wachikulire amene anakhala pambali panga anaona kaphazi katatulukira kunja kwa nsalu, anakagwira n'kunena kuti, "Wazizidwa mwanayu, m'fundeni." Kenako dzanja lake linakhala pomwepo. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. Anakoka nsaluyo yekha n'kukaphimba kaphaziko, ndipo njira yonse anakhala atatsamira kwa ine kuti anthu ena asam'gunde. Nditatsika pa mlambe wa pamudzi pathu, galimoto itachoka, m'pamene ndinatsegula pakamwa.

Mudzi wonse unatuluka. Ndinali mlendo, wa dziko lina, wa chipembedzo china, wopanda mwamuna kapena mlongo woti ayendetse zinthu. Eni nyumba ndi amene anayendetsa. Anapita okha kumapeto kwa doko kukauza mabanja achikhristu aja, ndipo iwo anavomera kuti mwanayo akagone kumanda kwawo. Amuna a kumzikiti anabwera ndi makasu kukathandiza kukumba. Bokosi linakhomedwa ndi matabwa a bwato lakale. Titafuna nsalu yom'kulungira, mayiwo analowa kuchipinda n'kutulutsa nsalu yoyera, yatsopano, yopindidwa bwino. Inali sanda yawo, imene anasungira tsiku la imfa yawo. Anaing'amba ndi mano n'kundipatsa chigawo.

"Amayi, iyi ndi yanu," ndinatero.

"Ine ndine wamfupi," anayankha. "Yotsalayi indikwana."

Akazi a Chisilamu sapita kumanda. Eni nyumba anatiperekeza mpaka pamene njira imapatukira kumsitu, n'kuima pomwepo atagwira atsikana anga m'manja, wina uku wina uku. Pobwera tinawapeza ali pomwepo.

Miyezi yotsatira sindiikumbuka bwino. Ndikudziwa kuti khoma la kumbuyo lija linagwa ndi chiswe mvula ili pafupi kutha, ndipo tinagona m'nyumba yaikulu mpaka asodzi atatimangira lina. Ndikudziwa kuti mwera unayamba kuwomba, nyanja n'kuchita mafunde, mabwato osalowa, ndipo m'mawa kunkazizira moti tinatulutsanso majuzi a kumsasa aja. Kajuzi kakang'ono ndinakapereka kwa mayi wina wa kudoko. Bere linatenga nthawi kuti liume. Mphaka anaswera m'dengu langa la zitumbuwa, ndipo ana ake anathandiza atsikana anga kuyambanso kuseka. Ine ndinkangogwira ntchito. Kutembenuza usipa n'kwabwino kwa munthu wosafuna kuganiza.

Tinakhala zaka pamudzipo. Chaka china mvula inangogwa poyamba n'kusiya. Chimanga chinafika m'chiuno, chinapota masamba, chinauma chili chiimire. Dambo lija linang'ambika, udzudzu unasowa, ngakhale makoswe anachepa poti munalibe choti adye. Ufa wachikasu umene tinkalandira ife othawa unkadyedwa ndi nyumba ziwiri, ndipo kunali koyamba kuti ine ndiwapatse kanthu mayiwo m'malo moti andipatse iwo. Anyani, njala itawapweteka, anasiya kuopa. Anatsikira kumunda kudzakumba chinangwa chimene chinatsala, ndipo galu uja, amene nthiti zinkawerengeka, analimbana nawo yekha. Atsikana anam'peza m'mawa atang'ambika pamimba, akupumabe. Wachiwiriyo anabwera akuthamanga kudzanditenga. Panalibe chochita. Anam'goneka mutu pamiyendo pake, ndipo ndinamumva akufunafuna mawu a Chipwitikizi aja, koma anali atatsala awiri kapena atatu okha. Enawo anamalizira m'Chiyao. Tinam'kwirira pansi pa chisakasa. Eni nyumba atamva anangoti, "Wagwira ntchito yake," ndipo tsiku limenelo mwanayo sanam'tume kanthu.

Mtendere utamveka, anthu a kwathu anayamba kumanga katundu. Kenako kunabwera alamu anga, mchemwali wa bambo a ana anga, amene anathawira mbali ya Namwera ndipo anatifunafuna mpaka kutipeza. Iwo ndi amene anandiuza. Lole ija inaponda bomba lokwirira pamsewu wa ku Cuamba ulendo womwe uja, ndipo amene anaona anati palibe anatulukamo. Zaka zonsezo ndinkadikira munthu amene anamwalira ndisanachoke n'komwe kwathu. Tinalira maliro ake pabwalo la eni nyumba, popanda mtembo, popanda manda.

Alamuwo anati tipite limodzi, malole otenga anthu akunyamuka ku Chiponde. Ndinaganiza masiku angapo. Kwathu kunalibe mwamuna, kunalibe nyumba, amayi anga anamwalira kale. Kuno kunali manda a mwana wanga amene ndinkakalambula chilimwe chilichonse, ndiponso mayi aja, amene maso anali atayamba kuchita khungu moti sankathanso kupita okha kukagulitsa usipa. Ndinati ine nditsala.

Wachiwiriyo sanafunse n'komwe, kwawo kunali konkuno. Koma woyambayo, amene tsopano anali namwali, anabwera kwa ine ndili pathandala.

"Amayi, ine ndipita ndi azakhali."

"Ukatani kumeneko? Kuli tchire lokhalokha, ndi mabomba m'minda."

"Ndikukumbuka nyumba yathu, ndikukumbuka ababa. Kuno ndimakhala ngati ndikudikira kanthu. Ngati simundilola nditsala, koma mtima wanga uli uko."

Ndinam'yang'ana. Uyu ndi amene anabereka mlongo wake pothawa, amene sanakhalepo mwana bwinobwino. Sanandipemphepo kanthu zaka zonsezo. Ndinam'lola.

Tinawaperekeza mpaka ku Chiponde, ine ndi mng'ono wake. Eni nyumba anam'mangira usipa m'kathumba ndi nsalu imodzi yatsopano, n'kum'pempherera m'Chiarabu atam'gwira pamutu. Pamalirepo panali fumbi, malole atandandalika, anthu akukweza mbuzi, malata, mitondo. Misasa ija inali itagumuka, pena pake anthu atalimapo kale. Mwana wanga anakwera, anapeza malo pamwamba pa matumba, n'kutiyang'ana. Sanalire. Mng'ono wakeyo ndi amene analira mokweza, akuthamangira loleyo mpaka pachipata pamene asilikali anamubweza.

Anakafika bwino. Anakhala ndi azakhali ake, anakwatiwa ku Mandimba komweko, ndipo lero ali ndi ana ake ndi zidzukulu. Timaonana mwa apo ndi apo, pa ukwati kapena pa maliro. Tikakumana amandilankhula mwaulemu kwambiri, ngati mlendo wolemekezeka, ndipo ana ake ndi a mng'ono wake amafunika wowamasulira.

Tsiku limene tinam'perekeza lija tinasowa galimoto yobwerera, ndipo tinayenda wapansi mtunda wautali kulowera ku Namwera. Dzuwa linali loswa mtengo. Mwana wanga anatsogola, ine pambuyo. Titafika pa mjigo wina anaima n'kupempha amayi amene ankatunga kuti atigawireko madzi. Anamwa, anandipatsa chikho, anasukusula kumaso. Mmodzi wa amayiwo anafunsa kumene tikupita dzuwa lonseli.

"Kunyanja," anayankha mwanayo. "Anganga ali okha."